Chuku pa Zovala za a Zang

M'mawa uliwonse, asanalawe ndi madzi omwe, a Zang ankatuluka pakhonde ndi bokosi la machesi. Ankayatsa kamtengo kamodzi, kutambasula mkono, n'kuuzira. Moto ukazima ankati, "Lero tilipo." Ukakana, ankapinda chigongono pang'ono n'kuyesanso, osauza munthu.

Akazi awo, a Guizhi, ankaona zonsezo ali m'khitchini. Chaka chimene anafika kuno ku Wenchang mkono unkatambasuka wonse. Pofika chaka chachinayi kamtengo kanali katayandikira mphuno.

"Mudzawotcha nsidze, bambo a Shubin."

"Nsidze zake ziti? Zinatsala mumgodi."

A Zang anakumba malasha ku Jixi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo fumbi linamanga nyumba m'mapapo mwawo. Kwawoko chisanu chikafika munthu ukalavula, malovu amagwa atauma ngati mwala. Novembala aliyense ankagonekedwa m'chipatala, mpaka dokotala anakokera pambali mwana wawo Shubin n'kumuuza kuti chisanu chotsatira chidzawatenga. Basi anagulitsa nyumba n'kutsikira kuno ku Wenchang, pachilumba cha Hainan, monga achitira okalamba ambiri a kumpoto. Eni dera amawatcha mbalame zothawa chisanu, poti amafika Novembala n'kuuluka Epulo. Koma a Zang ndi akazi awo analibenso chisa chobwererako.

Dziko lotenthali linawakonda a Zang. Mwezi wa Januwale ankayenda ndi kabudula ndi masilipasi mpaka kunyanja, kukasewera makhadi pansi pa mitengo ya kokonati ndi madoda anzawo a kumpoto, onse akukuwa ngati akadali pansi pa nthaka. Mango anayamba kuwadziwa bwino ali ndi imvi, ndipo ankadya ngati mwana, madzi akutsika mpaka m'zigongono. Tsiku lozizira kwambiri kwawo ndi limene ankaimbira foni anzawo a kumgodi. "Kumeneko kwacha bwanji? Ine kuno thukuta kamukamu!" Anzawowo anatha mmodzimmodzi, iwo akadali kudya mango.

A Guizhi ndiye dziko silinawakonde. Kabichi amene kwawo ankakhala mumtsuko miyezi isanu, kuno ankawola pa masiku atatu. Mphemvu za kuno zimauluka. Mawondo amene anthu anati adzachira ankalasa koposa kale. Mdzukulu wawo anamera mano, n'kuguluka mano, iwo akumuonera pafoni. Kumsika akazi akaseka m'chilankhulo chawo, ankadziwa kuti akusekedwa ndi iwo.

"Inu mukupuma, ine ndikuvunda," ankatero.

"Vundani pang'onopang'ono, mayi a Shubin, tithere limodzi."

Pamwamba pa wadirobu panali sutikesi yobiriwira imene sinkatsegulidwa. Munali zovala zimene a Zang adzavale pa ulendo womaliza, zosoka a Guizhi ndi manja awo akadali ku Jixi: malaya oyera ndi thalauza loyera zam'kati, thalauza ndi jekete zoikamo thonje lochindikala, ndi mkanjo wabuluu wa pamwamba. Zisanu, zopanda batani, zomanga ndi timizere ta nsalu. Kwawoko munthu amavekedwa mpweya usanathe. Akavekedwa atazizira kale ndiye kuti zovala zatsala kuno, mwini wake wapita wamaliseche. Mayi amene anabereka a Guizhi anagwa n'kufera m'munda wa chimanga popanda wowaveka, ndipo zaka makumi anayi zonsezi akabwera kumaloto amabwera akunjenjemera, manja ali m'khwapa.

Mwezi wa Malichi a Zang anagonekedwa m'chipatala. Tsiku lachisanu ndi chimodzi a Guizhi anaona nkhope ya dokotala, ndipo sanadikire kuuzidwa. Anathamangira kunyumba, kutsitsa sutikesi, kuyanika zovala pachingwe m'chipinda chakumbuyo. Kunja kunali kadzuwa, kamphepo kofunda kakuchokera kumwera. Anatsegula mawindo onse, chifukwa kwawo mphepo imaumitsa chilichonse, n'kubwerera kuchipatala. Anakhalako masiku atatu.

Tsiku lachinayi m'mawa dokotala anati, "Atengeni akapumire kunyumba. Mwana muyitaneni lero lomwe." Shubin anati ndege yake itera madzulo. Anthu a ambulansi anakweza a Zang mpaka pansanja yachitatu, kuwagoneka, kuyatsa makina a mpweya, n'kumapita.

A Guizhi anali ataona kale polowa kuti pansi pakuterera. Makoma ankatuluka thukuta, galasi lili mbuu. Atakankha chitseko cha chipinda chakumbuyo, fungo linawalandira ngati la m'dzenje. Jekete linali litalemera mpaka chingwe kupindika. Chuku chobiriwira ndi chakuda chinali chitayala pamapewa, m'khwapa, pakhosi la malaya oyera, ngati pa buledi woiwalika.

Anaima pomwepo, dzanja pakamwa. M'chipinda china a Zang ankapuma ngati sowo yodula mtengo wauwisi.

"Mayi a Shubin," mawu anabwera motsika, "mwangoti zii bwanji?"

"Ndikusesa. Gonani."

Anapinda zonse, kuika m'thumba lakuda, n'kutsika masitepe akugwira khoma.

Pansi pa nyumbayo pali shopu yochapa zovala ya mayi Fu, mwana wa dera lino, mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa. Awiriwa anali asanapatsane moni chiyambire chaka chatha, pamene a Guizhi anati sokosi ya amuna awo inasowera m'shopumo. Makina aakulu oumitsira zovala ankazungulira kumbuyo kwa mayi Fu, anthu atatu akudikira pabenchi, poti masiku a mphepo ya kumwera palibe chouma pachingwe.

"Ee, mbalame yatera," anatero mayi Fu osadzutsa mutu. "Sokosi ina yasowa?"

"Ndithandizeni, mng'ono wanga. Izi zichapidwe, ziume msanga."

"Lero ndasanduka mng'ono wanu? Dzana ndinali wakuba."

Koma thumba analitsegula. Anatulutsa mkono wa jekete, kuyang'ana pachifuwa, kuona timizere m'malo mwa mabatani. Anabweza msangamsanga n'kupukuta manja pa epuloni.

"Chotsani pa tebulo langa."

"Abambo a kunyumba safika madzulo ali moyo."

"Pepani, koma chotsani." Anatsitsa mawu, maso ali kwa anthu a pabenchi. "Makina awa amaumitsa matewera a makanda. Amaumitsa nsalu za akwati. Wina akangomva kuti munalowa izi, ndani adzapondanso pano? Ndipo mwazitani kuti zifike apa?"

"Ndinaziyanika. Ndinatsegula mawindo."

"Mawindo! Zaka zinayi ndikukuwa pamasitepe apa kuti mphepo ya kumwera ikabwera tsekani, tsekani. Munkati chiyani? Kuti nyumba yotseka ndi khola la nkhumba. Si inu?"

"Ndine."

Mayi Fu anayembekezera mawu ena, poti a Guizhi sankagonja pa mkangano.  Koma a Guizhi anangonyamula thumba lawo n'kutuluka.

Pamwamba anayala jekete patebulo la pabalaza n'kuyamba kulipukuta ndi kansalu konyowa. Chuku chinangofalikira. Anayesa kamakina koumitsira tsitsi, kanatentha kachigamba kangati chikhatho, pansi pake thonje lili chinyowere. Khutu lawo linali kuchipinda. Sowo ija inkadula, inkadula, kenako n'kuima. Anawerenga. Modzi, wiri, tatu, nayi, sanu. Inayambanso. Anaganiza zongowaveka zonyowazo, koma mwamuna amene anakhala zaka makumi atatu m'matope a pansi pa nthaka, angamutumize akununkha dzenje?

Chitseko chinagogodedwa ndi phazi. Anali mayi Fu, dzanja lina simbi yakale, lina botolo la kachasu woyera, masamba a mtengo wa zipatso za manyumwa akusuzumira m'thumba la epuloni kuti tsoka lisawatsatire. Sanapereke moni. Anazungulira nyumba yonse akutseka mawindo, phwa, phwa, phwa.

"Makina ayi," anatero. "Simbi iyi ndikamaliza ndikaitaya kudzala. Ndipo simunandione. Bweretsani burashi youma, osati madzi. Mumathira madzi pa chinthu chimene chaphedwa ndi madzi?"

Anatsekanso chitseko cha odwala mpaka kutsala kampata, n'kuyamba. Mayi Fu ankapala chuku ndi burashi, kunyowetsa kansalu ndi kachasu n'kutikita banga lililonse. A Guizhi ankasita. Zoyera zam'kati zinauma msanga, mabanga atatsala otuwa ngati mthunzi. Mkanjo unatsatira. Koma za thonje zinavuta. Simbi ikadutsa, nthunzi inkakwera, nsalu n'kuuma, ndiye ukaikapo tsaya pakapita kanthawi chinyezi chabwereranso kuchokera m'kati.

"Tembenuzani. Sitaninso. Musathamange, mupsereza."

"Nthawi ilipo yoti ndisathamange?"

"Ndiye pserezani, apite ndi chibowo kumsana."

Kuchipinda kunamveka kutsokomola, kenako mawu. "Ndani akumwa kachasu m'nyumba mwanga osandigawira?"

"Ndine, akulu," mayi Fu anayankha. "Ndabwera kudzabweza sokosi yanu."

A Zang anayesa kuseka, kuseka n'kusanduka chifuwa chimene chinatenga nthawi kuti chithe. A Guizhi anaima simbi ili m'mwamba mpaka chinatha.

Dzuwa linapendeka iwo akusitabe. M'nyumba yotsekayo munatentha ngati mu uvuni, tsitsi la a Guizhi litamatirira pamphumi. Cha m'ma thiri koloko analowa kuchipinda kukagwira mapazi a amuna awo. Anali ozizira mpaka m'akakolo, zikhadabo zitachita buluu. Mpweya ukaima tsopano ankawerenga mpaka khumi.

"Bweretsani," anaitana. "Zonse, mmene zililimo."

"Jekete latsala mkono umodzi."

"Bweretsani!"

Mayi Fu anaima pakhomo la chipinda atanyamula zovala, osalowa. Kenako anagwira masamba aja m'thumba, n'kulowa.

Kuveka munthu wamkulu wofooka kuli ngati kuveka khanda: umalowetsa dzanja lako kumapeto kwa mkono wa malaya, n'kukagwira zala zake m'kati, n'kuzikoka bwinobwino kuti zisapindike. A Guizhi anatero ndi malaya oyera, mayi Fu atachirikiza msana ndi kusamala kapaipi ka m'mphuno. Thalauza loyera linalowa. La thonje linalowa movutikira, likadali lofunda ndi simbi. Thukuta linayamba kutuluka pamphumi pa a Zang.

Jekete litayandikira, anatsegula maso n'kulikankha ndi chigongono.

"Ayi."

"Bambo a Shubin."

"Ndikubanika. Ndinathawa jekete ine. Ndinakwera ndege kulithawa." Anapuma katatu. "Mwanditsata nalo."

"Kumene mukupitako simukudziwa kuti kuli nyengo yanji."

"Inu mukudziwa?"

Mayi Fu analankhula chapansipansi. "Achemwali, kwathu kuno timadikira munthu atsirizike kaye. Asiyeni. Taonani mmene akuvutikira."

"Kwanu kuno kulibe chisanu!" A Guizhi anakuwa, n'kudzidzimuka ndi mawu awo omwe. Anakumbatira jekete pachifuwa. Analiona bwino thukuta lija, anaona nthiti zikukwera ndi kutsika pansi pa malaya oyera, ndipo anadziwa kuti thonje lija likakhala pamenepo lidzawadula mpweya umene watsala, mwina ndi maola amene Shubin akanawapeza. Anadziwanso kuti akadikira, mpweya ukaima n'kusabwerera, adzakhala ndi anthu awiri onjenjemera kumaloto. Manja awo analephera kupita kutsogolo, analepheranso kuika jekete pansi.

Mpweya unaima. Anawerenga mumtima mpaka khumi ndi ziwiri. Unabwerera.

A Zang ankawayang'ana. Anayang'ana zala zawo zofiira, zotupa ndi simbi, ndi chilonda chatsopano pamkono.

"Shubin wafika pati?"

"Ali mumlengalenga. Atera sikisi koloko."

"Kuchokera ku bwalo la ndege kudzafika kuno?"

"Ola ndi theka."

Anatseka maso ngati akuwerengera, n'kupukusa mutu pang'ono. Kenako mkono wawo wamanja unanyamuka pabedi, zala zitatambasuka.

"Munasoka nokha," anatero. "Lowetsani. Mkanjonso. Mumange bwino, ndisakachite manyazi pamaso pa apongozi."

A Guizhi analowetsa dzanja lawo mumkono wa jekete n'kukagwira zala zija m'kati. Mayi Fu anadzutsa msana. Mkono wina, wonyowa uja, unalowa. Mkanjo wabuluu unabwera pamwamba, ndipo a Guizhi anamanga timizere kuyambira pakhosi kutsika, kamodzikamodzi, misozi ikugwera pa nsalu imene anavutika nayo tsiku lonse kuti iume. Atamanga komaliza, a Zang anali akupumabe, nkhope ili noninoni ndi thukuta, atatupa ndi thonje ngati mwana wopita kusukulu m'chisanu cha ku Jixi.

Milomo yawo inagwedezeka. A Guizhi anawerama, khutu pafupi ndi pakamwa.

"Mwakhutira, mayi a Shubin?"

"Eya."

"Ndiye tandibweretsereni fani ija ya pabalaza. Muiyike pompano, iziwomba kumaso."