Kathumba ka Mapiritsi a Msodzi

Chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha kolona ndinali Fomu 2. M'kope langa lolembamo za tsiku ndi tsiku munadzaza nkhani za amayi.

Amayi amagawa mankhwala pawindo la chipatala china chaching'ono kufupi ndi Senga Bay. Anali awiri, koma mnzawo atadwala anatsala okha. Zingwe za masiki zinawasiyira zilonda kuseri kwa makutu. Lamulungu nalonso anthu ankabwera kunyumba: "Odi adokotala, mwanatu watentha thupi." Amayi si dokotala, komabe ankatuluka.

Pa timatumba ta mapiritsi pamakhala zithunzi: dzuwa lotuluka, la pamutu, lolowa, ndi mwezi. Wosadziwa kuwerenga amangotsata pamene pachongedwa.

Tsiku lina masana nditawapititsira mbatata, amayi anangoluma kamodzi n'kuima.

"Mwanawe, bambo a ku Mbenji aja! Mankhwala awo a bipi ndi akumwa kamodzi patsiku. Ine ndachonga patatu ngati panado."

Bambowo anali msodzi, ndipo anali atawauza kuti boti lawo linyamuka masana omwewo, kukakhala pachilumba cha Mbenji milungu ingapo. Amayi anatseka windo anthu ali pamzere. Ena anang'ung'udza. Tinakwera makabaza awiri, amayi akukuwa kuti apalase msanga.

Tinawapeza akukweza ukonde m'boti.

"Aa, mayi, mwanditsatira mpaka kuno? Usipatu sindinaphe!"

Amayi sanaseke. Anapempha kathumba kaja, n'kufunsa kuti amwa angati. Anali atamwa limodzi lokha. Amayi anafufuta, n'kuchonganso padzuwa lotuluka pokha. Kenako anakhala pansi pamchenga.

Bambowo anawayang'anitsitsa. "Masowo, mayi, munagona liti?"

Pobwerera ndinawapempha amayi kuti asauze munthu, poopa kuti angachotsedwe ntchito. Iwo anapita molunjika kwa mkulu wa chipatala, ine ndikumvera pakhomo.

"Bwana, ndikapitiriza chonchi ndipha munthu."

Mkuluyo anamvetsera zonse. Kenako anaimba foni kuboma. Patapita masiku awiri kunabwera mayi wina wodzathandiza, amayi n'kupatsidwa masiku opuma.

Lamulungu lotsatira wina anaodira. Ndinatuluka ndine, ngakhale ndinali ndisanabwezepo munthu wamkulu.

"Pepani, agona. Kuchipatala kuli wina, akuthandizani."

Amayi anadzuka dzuwa lili pamutu, n'kupempha tiyi.