Duwa la Pakhonde la a Manzere

A Manzere ankasoka nsapato pakhonde la nyumba ya lendi, kumapeto kwa msewu wafumbi. Dzinalo linachokera pa dzanja lawo. Singano, mpeni, ngakhale supuni ankagwirira kumanzere, moti dzina la makolo linaiwalika akadali mnyamata. Anali munthu wofatsa, wosachoka ulusi pamlomo, ndipo akakusokera nsapato inkatha chidendene msoko udakali gwa.

Mthunzi wa pakhondepo unali wa duwa loyanga limene akazi awo anadzala atangolowa m'nyumbamo. Linakwera mzati mpaka padenga, ndipo maluwa ake achikasu, aakulu ngati kukamwa kwa lipenga, ankalendewera pamwamba pa anthu odikira nsapato. Kuthirira, kudulira ndi kuyangitsa inali ntchito ya mayiwo. Koma chaka chimene matenda anawapha mwendo ndi mkono, mayi anangokhala a pampando wa pawindo, tsiku lonse maso ali pa duwa lawo. Nalo linayamba kuchita zofuna zake. Linalowa kunsi kwa malata n'kumawatukula.

Eni nyumba atabwera anayang'ana denga n'kupukusa mutu.

"Madala, ndinu anthu abwino, koma mvula ili pafupi. Ndikadzabwera ndi mmisiri ndidzalipeze litachoka padenga. Apo ayi, chikwanje patsinde."

A Manzere sanawauze akazi awo. Anazika mitengo iwiri ya mphanda pabwalo, anamanga zingwe kuchokera pamzati, kenako anakwera pamakwerero kutsitsa nthambi imodziimodzi. Nsonga iliyonse anaipiringiza pachingwe mwaluso, monga amachitira ndi ulusi. Kutacha anapeza nsonga zonse zamasuka, zili lende, zina zikufunafuna njira yobwerera kudenga. Anapiringizanso. Kutacha, chimodzimodzi. Anayesa kuzimanga ndi ulusi waphula, koma zinapotokola, zina n'kufota. Mitambo nayo inali itayamba kuda chakum'mawa. Ankaluma ulusi n'kumaganiza za windo lija, mmene lidzaonekere kunja kwake kutatsala fumbi lokha.

Tsiku lina ali kalikiliki, thukuta lili kamukamu, anamva kugogoda pagalasi. Akazi awo ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, monga ankasekera masiku amenewo.

"Nkhalamba inu," anatero pang'onopang'ono, poti lilime linali lolemera, "mukulimbana ndi ndani?"

"Duwa lanuli ndi lamwano, amayi. Latengera inu."

"Lamwano ndi dzanja lanulo. Tayang'anani nthambi zakale pamzatipo. Zikukwera chozungulira kuti?"

Anayang'ana. Zonse zinkazungulira mbali imodzi, pamene iwo masiku onsewo ankazikhotetsera mbali inayo, kumene dzanja lawo linazolowera. Duwa linkangodzimasula kuti libwerere m'njira yake.

"Nanga osandiuza kale bwanji?"

"Inu za chikwanje munandiuza? Wafa ndi mwendo, abambo, makutu alipo. Ndimati muvutike kaye pang'ono."

A Manzere anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anamasula zonse n'kuyambiranso ndi dzanja lamanja, mwauchidzete ngati mwana wophunzira kumanga nsapato, mayi akuwalozera ndi chala chimodzi pagalasi. M'mawa mwake anatuluka osasamba n'kumaso komwe. Nsonga zinali zitagwira, zina zitawonjezera kukwera zokha.

Eni nyumba anabweradi ndi mmisiri wawo. Mmisiri anakwera, anayendayenda padenga, n'kutsika akupukuta manja.

"Ndi malata a kumapeto okha ofunika kukhomanso, bwana."

Eni nyumba anayang'ana zingwe zija, maluwa atayamba kale kulendewera pamenepo.

"Chabwino, madala. Likhale. Koma lisadzakwerenso."

Atachoka, a Manzere anatenga nsapato yoti asoke. Koma anangoiikanso pansi n'kulowa m'nyumba.

"Amayi, gwirani khosi langa. Lero mukhala panja."