Mabatani a Adalaivala

Pa nyumba yosamalira odwala ija ankangomutcha Manjakumbuyo. Dzinali linabwera chifukwa cha kaimidwe kake: nkhalamba ikamalimbana ndi sokosi, iye ankaima poteropo, manja kumbuyo, n'kumangoyang'ana. Abale obwera kudzazonda ankanong'onezana kuti mayi ameneyu ndi waulesi. Ulesi wake uti! Zaka khumi ndi zitatu za ntchito zinamuphunzitsa kuti munthu ukamuchitira zonse, mawa lake amaiwala ndi pomwe pali pakamwa.

Nyumbayo si chipatala, komanso si kwanu. Imalandira anthu amene bedi la kuchipatala sakulifunanso, koma sangakhale okha: amafuna wowakumbutsa mankhwala, wowagwira posamba, wowayendetsa pang'ono pakhonde. Chachikulu n'chakuti munthu azitha kudya ndi kuvala, olo ndi chithandizo chochepa. Ukafika poti zonse n'zochitiridwa, amakusamutsira ku nyumba ina yakutali, kumene anamwino sachoka pambali pa bedi.

M'chipinda cha kumapeto munkakhala amuna awiri: Atelala, amene sitiroko inawalemetsa dzanja lamanzere, ndi Adalaivala, amene anayendetsa basi zaka makumi atatu koma tsopano manja ankanjenjemera ngati munthu wa malungo. Ankakangana tsiku lonse, lero za wailesi, mawa za zenera, koma mmodzi akachedwa kubafa mnzake ankayamba kufunsafunsa.

Chomwe chinkamuzunguza mutu Manjakumbuyo ndi ichi. Supuni inkawagonjetsa Adalaivala, tiyi theka ankathera pathebulo, koma m'mawa uliwonse ankawapeza atamanga mabatani onse a malaya, mpaka la pakhosi. Zala zolephera supuni zingathe bwanji batani? Tsiku lina akupinda zovala anaona kuti mabowo a mabataniwo akulitsidwa, m'mbali mwake mwasokedwa bwinobwino, kasokedwe ka munthu wodziwa ntchito yake. Eee, kodi n'choncho?

Mawa lake analawirira, n'kusuzumira pachitseko. Atelala anali pabedi la mnzawo, lilime panja, akumanga mabatani ndi dzanja limodzi ndi theka.

"Khalani bwino inu, mukugwedera ngati chibasi chanu chija."

"Basi yanga inali yolimba kuposa kamakina kanu," anayankha Adalaivala.

Atelala atatembenuka, anamuona ali pachitseko.

"Mwana wanga," anatero Atelala, "sunaone kanthu. Akawachotsa awa, ine ndizikangana ndi ndani?"

Lachisanu namwino wamkulu ankafuna lipoti lonena zomwe wodwala aliyense akutha kuchita yekha. Manjakumbuyo anatafuna cholembera mpaka chinang'aluka. Kunama kunali kosavuta, ndipo mtima unkamuuza kuti aname. Koma sabata yomweyo Adalaivala anali atatsamwa kawiri ndi chakudya, ndipo kuno kunalibe wowayang'anira usana ndi usiku. Analemba zoona, ndipo zinamuwawa kwambiri.

Tsiku losamutsa Adalaivala, Atelala anawamanga mabatani aja pang'onopang'ono, pamaso pa aliyense, popanda chobisanso. Atafika pa la pakhosi anawongola kolala, natembenukira kwa namwino woperekeza.

"Kumeneko mukawauze asamalisiye la pamwambali. Awa ndi adalaivala, osati kondakitala."

Adalaivala anagwira batani la pakhosilo, nanyamuka ndi namwino uja.

M'mawa wotsatira Manjakumbuyo anapeza Atelala atakhala moyang'ana bedi lopanda munthu, malaya awo ali chitsegulire. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti zala zawo zimatha, si anadzionera yekha? Anaima pakhomo, manja kumbuyo, nadikira. Anadikira ndithu. Kenako anawamasula manjawo, nagwada pansi, n'kuyamba ndi batani la m'munsi.