Mfuti ya Malume ndi Zimbalangondo za ku Alaska

Nyumba yathu ya ku Al Nahda, ku Dubai, inkanunkha mankhwala opha tizirombo nyengo ya mliri ija. Fungolo linkayambira mu lifiti, n'kutsata khonde lonse mpaka pa nsapato za Amayi, zimene ankazisiya kunja kwa chitseko. Amayi anali namwino. Akaweruka sankalola kuti tiwakhudze. Ankadutsa cham'mbali molunjika kubafa, ndipo madzi ankakhuthuka nthawi yaitali. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, sukulu inali ya pa tabuleti. Msewu wa ku Sharjah, umene kale magalimoto ankathinana mpaka kuima, unali zii, nkhunda zikuyenda pakati pake mosatekeseka.

Malume Chikondi, mlongo wawo wa Amayi, anabwera kudzakhala nafe ndege zitasiya kuuluka. Anali makaniko wa ndege, ndipo ntchito inawathera. Ankagona pabalaza, masutikesi awo atasanjikizana kuseri kwa sofa. Sankadandaula. Ankati mnzawo wina wa ku Zambia wawapezera ntchito ku Alaska, pa kabwalo ka ndege ka pakati pa nkhalango, ndipo malire akangotsegulidwa, ulendo ulipo. Vuto linali limodzi: kumeneko kuli zimbalangondo, munthu sayenda chimanjamanja.

"Tadala, tabwera undithandize kusankha mfuti," anatero tsiku lina masana, akutembenuza laputopu kuti ndione.

Mfuti yeniyeni sitinaigwirepo. Ku Dubai munthu wamba sakhala nayo. Zathu zinali zithunzi chabe. Tinasefasefa mpaka zinatsala ziwiri, zonse zazing'ono za m'manja. Ina inali yolemera, ya kagudumu kolowa zipolopolo zochepa koma zamphamvu. Malume ankati imeneyo sikakamira ngakhale kuzizire bwanji, kungoti ikalira imakankha dzanja ngati bulu. Inayo inali yopepukirapo, ya zipolopolo zambiri, yoti ukaphonya koyamba umakhalabe ndi mwayi. Lero ankakonda iyi, mawa iyo. Amayi, maso ali psuu ndi kutopa, ankangoti, "Achimwene, ingogulani zonse, khalas, nkhani ithe," ndipo tinkaseka.

Tinkaoneranso mavidiyo a zimbalangondo. Mano ake ndi zikhadabo sizinkandiopsa kwenikweni. Chinkandiopsa ndi mpweya wake, kupuma kwakuya kokokera, kumene kunkamveka m'zitsamba chilombocho chisanaoneke.

Malume ankati chimbalangondo chimathamanga ngati hatchi, choncho nkhani yaikulu ndi changu cha dzanja. Anasoka kathumba ka pachifuwa ndi malamba a chikwama chakale, n'kuikamo simbi yositira, poti kulemera kwake ankati n'kofanana ndi kwa mfuti ya kagudumu ija. Chimbalangondo ndinali ine. Ndinkafunda bulangete lofiirira, n'kubisala pakanjira ka kuzipinda, thukuta lili kamukamu. Iwo ankayendayenda pabalaza akuimba mluzu ngati ali m'nkhalango. Ndikatulukira ndikukwawa, ankasolola simbi ija n'kufuula kuti "Phuu!" Nthawi zina ndinkawapeza asanasolole, ndipo ankagwa pakapeti akuti, "Wandidya, habibi, wokondedwa wanga, wandidya!" Anthu a nyumba ya pansi pathu ankagogoda denga lawo ndi tsache.

Tsiku lina ndinadikira m'bulangete muja, koma mluzu sunamveke. Ndinatulukirabe ndi liwiro langa lonse mpaka ndinagunda maondo awo. Anali atakhala pasofa, dzanja lili pachifuwa, simbi ili m'thumba mwake. Anandiyang'ana ngati akufuna kumwetulira, kenako anandikankha ndi phazi kuti nditalikire. Ndipamene ndinamva kupuma kwawo. Kunali kwakuya, kokokera, kofanana ndendende ndi kwa m'mavidiyo muja.

Amayi anawatsekera Malume m'chipinda changa, ine ndinasamukira kwa Amayi. Mbale ya chakudya tinkaisiya pakhomo, ndipo inkabwerera momwemo. Pakati pathu panali khoma lokha, ndipo kupuma kuja kunkaliboola. Ndinkaika zomvera m'makutu aphunzitsi akamaphunzitsa, komabe ndinkakumva.

Anthu a ambulansi anabwera atavala zoyera thupi lonse, maso okha akuoneka kuseri kwa pulasitiki. "Yalla, yalla," ankafulumizitsana. Powadutsitsa pabalaza, Malume anakweza kachigoba ka mpweya kamene anawaveka kumaso.

"Mfuti ija usankhe ndiwe. Ndikabwera udzandiuze."

Ndinasankha yolemera ija, yosakakamira. Ndinawatuma Amayi kuti akawauze Malume, poti anagonekedwa pachipatala chomwe Amayi ankagwira ntchito. Atabwera anati, "Ndawauza." Sindinafunse ngati anamva. Thupi lawo silinapite ku Malawi. Anaikidwa m'mchenga wa konkuno, ndipo kumandako kunapita Amayi ndi abusa okha.

Chilimwe chonsecho ndinkasiyidwa ndekha m'nyumba masana. Makina oziziritsa akayamba kulira, ndinkamva chinthu chikupuma pakanjira paja, pomwe ndinkabisalira. Ndinkakhala pasofa miyendo ndili nditaipinda, osapita ngakhale kuchimbudzi mpaka kiyi wa Amayi atalira pachitseko. Sindinauze munthu aliyense. Mumtima ndinkakhulupirira kuti tinachita kuchiitana tokha chilombocho ndi masewera athu, ndipo chinabwera mfuti isanagulidwe.

Ndinali nditamaliza sekondale pamene Amayi anandiuza kuti ntchito ya ku Alaska inalephereka Malume asanasamukire n'komwe kwathu. Iwo ankadziwa, Amayinso ankadziwa. Ndili mwana ndinkaona munthu wokonzekera ulendo, wosowa kokha mfuti yoyenera. Pano ndimaona bambo wopanda ntchito, wotsekeredwa m'nyumba ya mlongo wake, atasiyiridwa mwana yemwe mayi ake ankapita kukasamalira odwala matendawo m'mawa uliwonse. Analibe chonditetezera nacho. Anangondipatsa chilombo chokhala ndi dzina ndi ubweya, chokhala kutali kwambiri, n'kundilola kuti nthawi zina ndiziwapambana.