Tsiku limene amayi anasenza mfuti

Mwana wanga wamkazi anandionetsa kanema pa foni tsiku lina: bambo wina wa dziko lakutali akugula buledi m'sitolo, kamfuti kakang'ono kali m'chiuno poyerayera. Akuti kumeneko lamulo limalola munthu amene ali ndi chiphaso kuyenda nako choncho, ngakhale pamsika. Mwanayo ankadikira kuti ndigwire pakamwa. Ine ndinangoseka, chifukwa munthu woyenda ndi mfuti poyera ndinamuona kalekale konkuno ku Chilwa, ndipo anali agogo ake enieni, amayi anga, atavala duku loyera la kumpingo.

Mfutiyo inali ya abambo. Inali yaitali, yosakira mbalame, ndipo chiphaso chake ankakachikonzetsa ku Zomba osaphonya. Ndiyo inatilera. Nyanja ikadzaza, abambo ankalowa m'mabango ndi bwato n'kubwerako ndi abakha am'madzi ndi atsekwe, ife n'kumadya ndiwo zimene anzathu ankangomva fungo. Koma chimene anthu amawakumbukira nacho mpaka lero ndi kanyamulidwe kake. Mfuti zamtunduwu zimathyoka pakati poika zipolopolo. Abambo akamadutsa m'mudzi ankaithyola chomwecho n'kuikoleka paphewa, kukamwa kwake kutaloza pansi, kuti ngakhale mwana aone kuti mulibe kanthu. Sanaikulungepo m'chiguduli. "Mfuti yobisa ndi ya wakuba," ankatero.

Abambo anamwalira chaka chimene mvula inavuta. Madzi a mtsinje wa Likangala anachepa, ndipo ku sikimu, minda yathu ya mthirira, anthu ankathirira mpunga mosinthana. Munda wathu ankalima achimwene anga, mwana woyamba, munthu wamtima wapachala kuyambira ali wamng'ono. Kumtunda kwa munda wathu kunali munda wa bambo ena ouma mutu, amene ankakonda kutseka ngalande ndi matope ngakhale tsiku lathu lothirira. Awiriwa anali atakanganapo kangapo, ulendo wina mpaka kugwirana malaya.

Ndiye tsiku loika maliro, ife tonse tili kumanda, bambo aja anatsekanso madzi. Achimwene atapita kumunda mawa lake anapeza nthaka itang'ambika, mpunga utayamba kufiira. Anabwera maso ali psu. Anakhala pakhonde n'kuuza anzawo, ine ndikutsuka mbale chapafupi: "Zamaliro zingotha izi. Akadzaiona mfuti ya abambo, madzi adzatsika okha."

Anzawowo anaseka, poganiza kuti ndi mawu a munthu wopsa mtima chabe. Ine sindinaseke. Ndinali nditatsegula kachitini kamene abambo ankasungiramo zipolopolo, ndipo ndinakapeza kali mbee. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinaona achimwene ali m'ndende moyo wawo wonse, ndinaonanso maliro ena panyumba ya eni ake.

Mfutiyo inali kunsi kwa bedi, m'chipinda chimene amayi ankakhala pamphasa ngati namfedwa, atazunguliridwa ndi azimayi a kumpingo. Palibe mwamuna akanalowamo. Koma tsiku lometa likangodutsa, katundu wa malemu amatulutsidwa pabwalo, ndipo tsikulo linali mawa lake. Ndinalowa n'kuwatsina khutu amayi. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha madzi osamba.

Dzuwa litakwera, anthu atadzaza kale m'minda, amayi anavala bulauzi yawo yoyera ndi duku, n'kugwada kusolola mfuti ija. Anaithyola pakati mosavutika. Sindinkadziwa n'komwe kuti amatha.

"Ikupita kupolisi," anatero. "Mwini chiphaso wagona. Ino si nyumba yakenso."

Ine ndi nzeru zanga zoperewera ndinathamangira chitenje. "Amayi, tiikulunge. Tidzere kanjira ka kumabango, anthu asatione."

"Iwe, ukufuna mchimwene wako akandilande kutchire kopanda maso?" anandifunsa. "Tidzera pa sikimu."

Azimayi aja anadzidzimuka. "Mayi, namfedwa satuluka asanamete! Anthu adzati chiyani?" Amayi anaikoleka paphewa, kukamwa kutaloza pansi, ndendende ngati abambo, n'kutuluka. Azimayiwo anasowa chochita koma kumanga zitenje n'kuwalondola, ine pambuyo pawo.

Amayi anali munthu wamfupi, woonda, ndipo mfutiyo inkatsala pang'ono kukhudza pansi. Koma mayendedwe ake! Sanathamange, sanayang'ane cham'mbali. Titakwera pa mzere wa dothi wodutsa pakati pa minda, anthu anaweramuka mmodzimmodzi, matope ali m'manja. Amayi ankapereka moni kwa aliyense, kuthokozanso amene anabwera kumaliro, ngati kuti asenza mtolo wa nkhuni. Manyazi amene ndinatuluka nawo kunyumba anathera pomwepo, ndipo ndinayamba kuyenda chosolola khosi.

Tisanafike pakati, tinamva njinga ikubwera mwaliwiro. Anali achimwene. Anaigwetsa n'kuima kutsogolo kwa amayi akupuma wefuwefu.

"Amayi, mukupita nayo kuti? Imeneyo ndi ya abambo anga."

"Ndi ya abambo ako, inde. Ngati ukuifuna, ilande. Ndine pano."

Achimwene anatambasula dzanja, kenako anayang'ana uku ndi uku. Minda yonse inali chete, maso onse pa iwo. Ndi mwamuna uti angalimbane ndi mayi ake, wamasiye wosameta, sikimu yonse ikuonerera? Dzanja lija linatsika lokha. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake amayi anakana chitenje changa. Achimwene anatola njinga yawo n'kuyamba kuikankha kumbuyo kwathu, mutu uli pansi.

Njirayo inkadutsa pamunda wa bambo otseka madzi aja. Atationa anafuna kuthawa, koma miyendo inali itamira m'matope. Amayi anaima.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, mayi, kaya inu. Pepani ndi zovuta zija."

"Zikomo. Mwaiona iyi? Ionetsetseni. Mulibe kanthu, ndipo ikuchoka m'mudzi muno lero. Muzigona tulo." Kenako analoza kumunda kwathu. "Koma mpunga wa ana anga ukuuma."

Bambo aja anavula chipewa. Sanafune n'komwe khasu. Anagwada pangalande n'kuyamba kufukula matope ndi manja, madzi n'kuyamba kutsetsereka kupita kumunda kwathu anthu onse akuona. Mawu a achimwene aja anapherezeka, kungoti osati monga ankaganizira iwo. Mayi wina kumbuyo anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Kupolisi kunali kutali, ndipo dzuwa linaswa mtengo. Azimayi ena anabwerera panjira. Ndinapempha kuti ndiwalandire, amayi anakana. Apolisi atationa tikubwera anaimirira msanga, koma ataona kuti mfutiyo ndi yothyola ndiponso amene wainyamula, mmodzi anatulutsa mpando. Amayi anafotokoza za imfa ya abambo, napereka chiphaso chawo pamodzi ndi mfutiyo. Wapolisiyo anaiyang'ana mkati n'kufunsa: "Nanga zipolopolo zilipo, mayi?"

Amayi sanatembenuke. Anangotambasulira dzanja kumbuyo, kumene achimwene anaima pakhomo ndi njinga yawo. Tinadikira. Kenako achimwene anapisa m'thumba la buluku n'kuika zipolopolo m'dzanja la amayi, chimodzichimodzi, misozi ikutsika. Wapolisiyo anayang'ana kumbali ngati sanaone.

Pobwerera ndinapezeka nditakwiya, ine ndemwe amene ndinaulula. Mantha atatha, ndinakumbukira mimba. "Ndiye basi ndiwo zathera pompa," ndinang'ung'udza. "Tizidya matemba ngati aliyense."

"Bakha ukamufuna ukamugula kudoko," amayi anatero. "Mchimwene wako ndikanakamugula kuti?"

Achimwene anawakweza panjinga n'kuwakankha ulendo wonse, osakwerapo iwo. Tsiku lometa, azimayi powavula amayi bulauzi anapeza phewa lonse litatupa, chitsulo chitadya khungu. Akuluakulu ena anadandaula za mwambo umene unaswedwa, koma palibe anayerekeza kukawauza pamaso.

Mwana wanga atamva zonsezi anafunsa ngati malume ake opsa mtimawo ndi omwewa amene amamusungira mpunga wa kilombero chaka chilichonse, amene amasewera bawo pansi pa mtengo wa mango ndi nkhalamba ina yogontha. Ndinamuuza kuti ndi omwewo, ndipo nkhalamba yogonthayo ndi bambo otseka madzi aja. Amakanganabe mpaka lero, wina kunena mnzake kuti waba njere. Onse awiri ali moyo.