Malaya Atatu a Atate

Fungo la chinangwa chopsa pansi pa nsimbi silinandichokebe m'mphuno. Ndi kafungo kotsekemera, ngati ka chikondamoyo chimene chayamba kupserera m'mbali, kosakanikirana ndi utsi wa makala ndi chinyezi cha nsalu. Ndikangokamva, ngakhale lero ndili ndi zidzukulu, ndimapezeka ndabwerera pakhonde la amayi anga, Nabanda, ku Mitundu, dzinja loyamba zipani zitachuluka, ine mabere asanamere.

Atate, aPhiri, anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nathenje. Nthawi ya chipani chimodzi ndiwo ankaima pachipata cha msika kugulitsa makhadi, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi katundu wake pamutu. Ntchito imeneyo inawasiyira malaya oyera atatu, a manja aatali. Zinthu zitatembenuka anthu anasiya kuwavulira chipewa, koma iwo malaya sanasiye. Kutchalitchi, kumaliro, ngakhale kokagula mchere, ankatuluka kolala ili njo ngati khutu la galu.

Mmodzi mwa omwe anabwezedwa pachipata paja anali malume Yohane, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Anabwerera ndi mbuzi yawo pachingwe anyamata akuwaseka, ndipo sanaiwale. Tsiku lina, titangomaliza kuoka fodya, anapeza amayi akuika makala m'nsimbi. Nsimbi yathu inali ndi katambala kachitsulo pamwamba, kotsekera chivundikiro. Malume anakagogoda ndi chala, nayang'ana atate.

"Alamu, tambala wanu watsala yekhayu. Nanga munda wa mbumba yangawu muzilima ndi kolala?"

Atate anati, "Musavutike, alamu. Nabanda akangondikonzera malaya anga onse, ndinyamuka. Ku Nathenje sikunapse."

Anayankhula pagulu, azimayi a pamtondo akumva, ndipo atate sanali munthu wobweza mawu. Ndinayang'ana amayi kuti alira, kapena agwira malume mwendo. Iwo anangouzira makala aja. "Chabwino, aPhiri," anatero. "Munthu sapita kwawo ndi malaya okwinyika. Angati Nabanda ankamusunga bwanji."

Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndinkadziwa mmene mkamwini amachokera. Atate a mnzanga Lute anachoka chaka chinacho, mtolo uli kumbuyo kwa njinga, ndipo Lute sanawaonenso, poti ana amatsala kwa amayi awo.

Ntchito inayamba mmawa mwake. Amayi ankasenda chinangwa, n'kuchikhula pachitini choboola ndi msomali, n'kuchifinya m'kansalu. Madzi oyera aja akadikha, pansi pa beseni pankatsala zoyera zoterera ngati dothi la mtsiro. Zimenezo ankaziphika kukhala kaphala kamadzimadzi kooneka mpaka pansi, kamene ife ana tinkaletsedwa kunyambita. Ankaviikamo kolala, mapeto a manja ndi pachifuwa, n'kuyanika pachingwe chochoka pamtengo wa mango kufika panzati wa khonde. Malaya akauma ankachita kugogoda. Apo ankawawaza madzi ndi nsonga za zala, kuwakulunga, n'kuyala bulangete pamphasa.

Yanga inali nsimbi. Ndinkaigwedeza uku ndi uku mpaka makala afiire m'timabowo take, amayi n'kuilavulira pang'ono kuti amve ngati yalira. Ankayamba kolala, kuchokera kunsonga kulowa pakati, kenaka mapewa, kenaka manja, n'kumatsata msoko uliwonse. Dzinja chovala chosasita sichivalidwa: ntchentche zimaikira mazira pansalu yonyowa, mphutsi n'kukulowa m'khungu. Ndiye atate sakananyamula malaya osasita, ndipo kusiya amodzi m'mudzi mwa eni ake sakanalola.

Awiri oyamba anatha msanga, nalowa m'sutikesi. Tsiku la achitatu sindinadye. Koma chakumasana chingwe chinamasuka panzati, malaya n'kugwera m'matope ofiira a nkhuku. Amayi anawatola akudandaula, nayambanso kuchapa. Mvula inagwa sabata yonse, sanaume, ndipo pofika Lamulungu atate anavala amodzi a m'sutikesi, n'kubwera kolala ili thukuta lokhalokha.

Basi zinayamba kuyenda choncho. Awa akatha, awo ada. Tsiku lina phulusa linatuluka m'nsimbi n'kugwera pachifuwa penipeni. Tsiku lina amayi anaiwala kutseka sutikesi, makoswe n'kumva fungo la chinangwa, n'kudya nsonga ya kolala. Panafunika kuisomola, kuitembenuza, kuisokanso. Kenaka chinangwa chinatha, ndipo amayi anati cha pamsika n'chowawa, chimafiiritsa nsalu, tidikire chimene azakhali adzabweretse kuchokera ku Malingunde. Malume akadutsa ankaima pachingwe paja n'kugwira malaya onyowa. "Mlongo wanga manja akalamba," ankatero. Amayi ankavomera kuti akalambadi.

Ine ndinkakhala ngati nkhuku yoona mthunzi wa kabawi. Mmawa uliwonse ndinkayamba kuyang'ana kuphiri la Bunda ngati kuli mitambo, ndipo kukada ndinkathokoza Mulungu. Kukacha bwino ndinkayang'ana chingwe, kenaka njinga ya atate, kuifinya matayala kuti ndimve ngati apopa. Kuchitsime ndinkathamanga, madzi n'kumatayikira kumsana. Chaka chimenecho sukulu inali itakhala yaulere, ana a m'mudzi monse anakhamukirako. Ine ndinapita masiku owerengeka. Pansi pa mtengo pamene tinkakhala, chingwe chathu sichinkaoneka, ndipo aphunzitsi akamaloza pabolodi ine ndinkangomva belu la njinga m'mutu. Ndinayamba kudwala m'mimba mmawa uliwonse mpaka amayi anandileka.

Atate nawo anasintha. Ankapita kumunda mbandakucha atavala sikipa yong'ambika, n'kubwera manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Za ulendo sankanenapo. Koma akafika pakhomo maso awo ankayamba kupita pachingwe, ngati anga, ndipo ine ndinkati akuwerengera tsiku lonyamuka.

Mvula inakata. Fodya anadzaza m'chigafa, thambo n'kuyera mbee, kamphepo kouma n'kuyamba kuwomba. Mmawa wina malume anabwera ndi akazi awo, atasenza chinangwa chosenda kale ndi makala a mtengo wa tsanya. "Tabwera kudzathandiza, ntchito ithe," anatero malume, nakhala pampando wa atate pakhonde. Chingwe anachimanga okha mfundo ziwiri.

Amayi anachapa onse atatu. Dzuwa linawaumitsa mthunzi wa mango usanasunthe n'komwe. Ndinagwedeza nsimbi ndikupempha kuti phulusa lituluke, koma makala a tsanya alibe phulusa louluka, ndipo malume anali pompo, maso ali pamanja a amayi. Sindinaonepo amayi akusita bwino ngati tsiku limenelo. Nsimbi inkayenda yokha. Thukuta linkatsika pachibwano chawo, iwo n'kumalipukuta ndi phewa lisanadonthe. Kuseri kwa nyumba ndinamva atate akupopa njinga.

Atatha, amayi anawapinda, anawasanja pamanja onse awiri, nagwada pamaso pa atate. Beseni la chinangwa chotsala linali pambali pawo, pamphepete pa khonde. Atate anatenga oyamba, anawayang'ana padzuwa, nawaika m'sutikesi. Achiwiri chimodzimodzi. Achitatu anawagwira nthawi yaitali. Anapinda kolala ndi chala, ine ndikumva ikulira ngati tsamba louma la chimanga.

"Nabanda," anatero, "kolala iyi yafewa. Mukufuna akandiseke ku Nathenje?"

Anawaponya m'beseni muja. Malaya anayandama pang'ono, kenaka anamira.

Amayi sanadzutse mutu. "Pepani, aPhiri. N'chinangwa cha alamu angachi, n'chamadzi."

Akazi a malume anatsegula pakamwa, malume n'kuwagwira pamkono. Anayang'ana atate, anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana beseni. Kenaka anatola chipewa chawo. "Malaya amenewa adzatha ine nditafa," anatero, natsika pakhonde. Atate anakankhira njinga m'nyumba, nafunsa ngati kwatsala madzi osamba.

Tsiku limenelo ndinasangalala, koma ndinawakwiyiranso atate. Ndinkati munthu wovuta bwanji, amayi apsa zala tsiku lonse, iye n'kunyoza kolala yolimba ngati thabwa pamaso pa anthu. Amayi ndinkawamvera chisoni kuti dzinja lonse tsoka linkangowatsata.

Atate anakalambira pakhomo pomwepo, ndipo m'sutikesi muja simunakhalepo malaya atatu nthawi imodzi. Ine ndinadzakwatiwa, n'kutenga nsimbi ya katambala ija. Ndasita nayo zaka zambirimbiri, dzinja ndi chilimwe, mwana ali kumsana, ndipo phulusa silinandigwerepo pachifuwa cha malaya. Chingwe chimene ndamanga ndekha panzati sichinamasukepo.