Mano Awiri a Patuma

Tsiku limenelo tinkayanika matemba pathandala. Linali Lachiwiri, dzuwa litangokwera. Mudzi wathu unali tsidya lija la nyanja ya Chiuta, mbali ya Mozambiki. Ine ndinali ndi zaka naintini, ndi mwana wanga Yusufu wa miyezi itatu kumsana.

Akulu anga, a Asiyatu, anati akazule chinangwa kumunda. Anandipatsa mwana wawo Patuma kuti ndimugwirire. Anati sachedwa. Anasiya ngakhale mapatapata awo pakhomo.

Mfuti yoyamba inalira cha kumundako. Nkhuku zinabalalika. Kenako zinalira zambiri, ndipo utsi unakwera kuseri kwa mitengo ya mango. Nkhondo tinkangoimva kwa ena. Tsiku limenelo inatipeza.

Sindinalowe m'nyumba. Ndinatsomphola chitenje chomwe chinali pachingwe, n'kumangira Patuma pachifuwa. Yusufu kumbuyo, Patuma kutsogolo. Ndinathamanga.

Ndinathamanga ndithu! Minga sindinaimve. Ndinaona mayi wina akuthamanga ndi sefa m'manja, osadziwa kuti wanyamula sefa. Ndinkacheuka kuyang'ana njira ya kumunda. Munalibe munthu.

Kudooko kunali mabwato atatu okha. Amuna anga anali atapita kukavuula ukonde m'mawa, ndipo bwato lawo panalibe. Bambo wina wachikulire anandikokera m'bwato lake osandifunsa dzina. Tinalowa m'mabango. Madzi ankangotsala chala chimodzi kuti alowe m'bwato. Aliyense anakhala chete, kupatula Patuma. Ndinamupatsa bere kuti atonthole. Kanali koyamba.

Tinafika mbali ya Malawi dzuwa litapendeka. Tinakhala masiku anayi pansi pa mtengo pafupi ndi sukulu. Bwato lililonse likafika ndinkathamangira kukaona nkhope. Mkaka wanga unayamba kuchepa. Ana awiri, bere lopanda kanthu. Yusufu analeka kulira, ndipo liwombo lake linalowa.

Tsiku lachisanu kunabwera lole yotenga amayi a ana odwala. Anati tikupita kwa asisiteri, cha ku Ulongwe. Ine asisiteri ndinali ndisanawaonepo. Ndife Asilamu.

M'lolemo mayi wina anandinong'oneza. Anati asisiteri ali ndi nyumba ya ana amasiye. Mwana wopanda mayi amamutenga, amamulera okha, amamupatsa dzina lina. Ndinayang'ana Patuma. Ndinamangitsa mfundo ya chitenje. Akulu anga akadzabwera kudzafunsa mwana wawo, ndidzawauza chiyani?

Tinatsika pabwalo losesedwa bwino. Ndinaona amayi asanu ndi awiri ovala mikanjo yofika kumapazi, mitu yophimbidwa mpaka pachipumi, mikanda ikulendewera m'chiuno. Dzuwa lonse lija, iwo mikanjo ya manja aatali. Ankayenda mofulumira koma opanda phokoso. Wina ankatunga madzi, wina ankatsuka zilonda za kumapazi kwa anthu atagwada pansi. Pakhonde lina panali timabedi tating'ono m'mizere. Ndinatiwerenga ndi maso.

Pamzere wathu pankayenda sisiteri wachikulire, wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi. Ankamutcha a Sisiteri Rozina. Ankagwira mwana aliyense pamutu ndi pamimba. Atafika pa ine anafunsa kuti ana awiriwa ndi a yani.

“Anga onse. Ndi mapasa,” ndinatero.

Anasamba m'manja m'beseni. Anapisa chala m'kamwa mwa Yusufu, anapeza nkhama zokha. Anamasula Patuma pachifuwa panga, n'kumunyamula, n'kupisanso chala. Patuma analuma. Anali ndi mano awiri akumunsi, akuthwa ngati a mbewa.

“Mayo! Mapasa anuwa, mayi, winayu anatsogola ndi miyezi ingati?”

Amayi a pamzere anaseka. Ine sindinaseke. Ndinanena zoona, mawu akuthamangitsana. Ndinati mwana wa manoyo ndi wa akulu anga, mimba imodzi. Ndinati kwathu mwana wa akulu ako ndi wako, sakhala wamasiye iwe uli moyo. Ndinati dzina lake ndi Patuma ndipo lina iyayi.

Nthawi yomweyo belu linalira. Linali la masana. Asisiteri onse anaima pomwe anali. Wotunga madzi anatula ndowa. Wotsuka zilonda anaweramitsa mutu, nsalu ili m'manja. Anayamba kupemphera m'chinenero chimene sindinachimvepo, wina kuyamba, ena kuvomera. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ndi Chilatini, ndipo amatero tsiku lililonse, kugwe mvula kuwale dzuwa.

A Sisiteri Rozina anapemphera Patuma ali m'manja mwawo. Geti linali lotsegula. Ndinayeza ndi maso mtunda wochoka pa ine kufika pa mwana, ndi wochoka pa mwana kufika pageti. Miyendo yanga inali itakonzeka. Patuma ankakoka mikanda yawo n'kumaiika m'kamwa.

Pemphero linatha. A Sisiteri Rozina anamuchotsa mikanda m'kamwa. Anamubwezera pachifuwa panga, n'kumanga okha mfundo ya chitenje.

“Timabedi tija ndi ta ana opanda wowanyamula,” anatero. “Ife bere tilibe, tili ndi phala. Inu muzidya, awa aziyamwa.”

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinaseka, ndipo ndinalephera kuleka.

Anandipatsa kapu yaikulu ya phala la nsinjiro. Ndinamaliza, anadzazanso. Sisiteri wina wachitsikana anakhala ndi Yusufu pamiyendo, kumudonthezera madzi a shuga ndi mchere ndi kasupuni, dontho limodzi limodzi, mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lachitatu Yusufu analira mokweza. Ndinathamanga naye bwalo lonse kuonetsa aliyense. Tsiku lachisanu mkaka unadontha wokha pa bulauzi yanga.

Tinakhala kumeneko miyezi isanu ndi inayi. Ndinkachapa matewera a ana a patimabedi tija, ndipo awiri mwa iwo ndinawayamwitsako. Mwezi wa Ramazani asisiteri ankandisungira chakudya chovundikira mpaka nthawi yofuturu, dzuwa litalowa. Belu likalira iwo ankapemphera zawo, ine ndinkayala chitenje kuseri kwa khitchini n'kuswali zanga. Palibe anandifunsa kanthu.

Amuna anga anatipeza mvula itayamba, ataonda, atayenda misasa itatu ya othawa nkhondo akufunsa. Kenako tinapeza munda ku Rivirivi, komwe tili mpaka lero. Yusufu ali ndi ana anayi. Patuma ndi namwino, ndipo amanditcha amayi.

A Asiyatu sanabwere. Nkhondo itatha ndinawoloka Chiuta kukafunsa. Palibe amene anawaona.